Malaya Oyera a Firimino

Anawasita Lachinayi,
ukwati wa mphwake uli Loweruka.
Tinayenda limodzi mpaka pa mpanda wa tchalitchi cha ku Ulongwe,
pomwe mibulugamu imathera.
Atamva phwete la anthu m'katimo
anati, "Ndaiwala kutseka khola."
Ife tilibe ngakhale nkhuku.

Ndinavina ndekha.
Alamu anandifunsa kanayi, ndinanama kanayi:
malungo, mutu, malungo, mutu.

Usiku ndinam'peza pakhonde,
malaya akadali m'thupi, osakwinyika.
"Anati chiyani za ine?"
Palibe ananena kanthu, Firimino.
"Ndiye kuti akwiya."

Kachewere wake amatupa ngati nkhonya
koma kumsika ndimapita ndine,
ndine ndimalimbana ndi a malole a ku Tete,
kukangana pa mametikali awiri.
Kalata yomuitana ku ntchito ku Moatize
ili m'Baibulo, pa Masalimo, chaka chachitatu tsopano.
Ya shapa ndinachita kukongola.
Anafika pa siteji, nabwerera.

Pamjigo amati ndinakwatiwa ndi wonyada.
Sadziwa kuti moni wa m'mawa
amautafuna mpaka tambala woyamba,
kufunafuna pomwe analakwitsa.

Namwino anatchula dzina lalitali la Chipwitikizi,
anati mwina ndi limenelo, mwina,
abwere yekha tidzacheze naye.
Ndinalilemba pachikhatho.
Linapita ndi sopo ndikutsuka mbale.

Ndinene zoona, ndatopa
kukhala pakamwa pa anthu awiri.
Ndikangokweza mawu pang'ono
amalowa m'chigoba ngati nkhono, masiku atatu,
ine ndili panja, kugogoda pa nyumba yanga yomwe.
Ndikati ndimakukonda
amandiyang'ana ngati ndam'patsa chenje cholakwika
ndipo posachedwa ndibwera kudzachitenga.

Komabe madzi osamba ndimawapeza ofunda.
Chigamba cha tayala la njinga yanga
sindidziwa amamata nthawi yanji.

Dzulo mpira wa ana a kwa Zakeyu
unagwera m'munda mwathu.
Anautola, anaima nawo,
anaima,
kenako anadutsa mpanda, yekha,
ndinamumva akuti, "Nawu."
Anabwera thukuta lili kamukamu
ngati watsika phiri la Domwe.

Ine ndinaweramira m'lichero
kusankha nyemba zosankha kale
kuti asaone kuti ndaona.

Malaya aja ali pa msomali kuseri kwa chitseko.
Ubatizo wa mwana wa Benivinda uli mwezi wa mawa.
Sindinamuuze.