Kukhosi kwa Kasupe

Chaka chimene maso anga anamatana ndi manthongo
malume Sanudi anandibereka kukwera phiri la Ndirande,
iwo aja ankasoka nsapato pakhonde la golosale,
zala zawo zikununkha guluu.
Sanalankhule mpaka pathanthwe looneka ngati chipumi.
Pamenepo anagwada, nachotsa masamba owola
pomwe madzi ankatulukira.
"Uyu ndi wamkulu kuposa ine," anatero.
"Usanamwe, yamba wamuchotsa chamutsamwa.
Anandiuza ndi mayi anga,
iwonso anamva kwa wina, dzina ndinaiwala."
Anandisukusula kanayi.
Choyamba kuona chinali nkhanu ikubwerera kunsi kwa mwala,
kenaka madenga a malata kumunsi uko, akuphethira.

Lero ndimagulitsa madzi pakiyosiki ku Makata.
Ndowa yabuluu, chigubu chachikasu, ngongole ya a Nasiwe,
zonse ndimalemba m'kope.
Mpopi ukauma anthu amatukwana ine
ngati ndine ndinameta phiri mpala.

Tsiku lina ndinafunsa mwana wanga Tikhale
kumene madzi amachokera.
Anati, "Kumpopi, mukatsegula."

Ndiye Loweruka tinakwera,
mbande ziwiri za mkuyu m'jumbo,
khasu lobwereka.
Thanthwe lilipo.
Mitengo inatsika kalekale m'matumba a makala,
chimanga chakwera mpaka pachipumi penipeni.
Ndinayamba nkhani ya malume, ndinasochera pakati:
masamba aja anali atatu kapena asanu?
Kodi ndinalira?
Mwana sanadikire kuti ndikumbuke.
Anagwada, nazula botolo,
thewera,
chidutswa cha patapata,
nafukula ndi zikhadabo mpaka dothi linada,
linazizira,
linatuluka thukuta.

Sanali madzi oti n'kudzaza kapu.
Ngakhale diso limodzi sakanalisukusula.
Koma kachule kanatuluka, kanatiyang'ana
monga mwininyumba ayang'anira alendo obwera osanena.

"Anatsamwa kalekale," anatero Tikhale.
"Timusiye ayambe wapuma."
Tinadzala mikuyu, wina kumanja wina kumanzere,
tinaithirira ndi madzi omwe tinanyamula kuti timwe,
madzi ogula, a m'kope langa lomwe.

Potsika, mawondo ake ali matope okhaokha,
anafunsa dzina la munthu woyamba uja.
Ndinati silinandifike.
Anayenda pang'ono, akukoka khasu pamiyala.
"Basi," anatero,
"ine ndidzayambira pa malume a nsapato."