Mdani Wodikira

Laputopu tinagula yakale ku Small Street,
mausi yake imafuna chala champhamvu.
Taiika pa thabwa lositira zovala
m'kachipinda kathu ku Rosettenville,
ine ndi Yankho, wa zaka khumi ndi chimodzi.

Tatsala ndi asilikali anayi. Mlatho umodzi.
Tsidya linalo adani angoti chilili,
sasuntha mpaka titadina kuti tatha.

Ndikuseka chamumtima.
Mu Joni muno anandidikirapo ndani?
Takisi ya pa Bree sidikira,
mwini nyumba sadikira,
wapolisi wofuna mapepala salola uyambe waganiza.

"Tiwoloke," ndikutero.
"Ayi, adadi. Werengani kaye mabokosi.
Wamauta uja muvi wake umafika asanu.
Dzulo munaphetsa sing'anga wathu ndi phuma lomweli."

Ndikufuna kumuuza kuti pa Beitbridge
ndinawoloka osawerenga kanthu,
kachikwama kamodzi, nambala ya foni m'sokosi,
nanga si pano tili?
Koma ndangoti chete. Sing'anga anafadi.

Akubweza wapakavalo m'nkhalango,
mlatho akuusiya pululu, nyambo.
Kalilime katulukira pambali pa mlomo
monga amachitira mayi ake polowetsa ulusi m'singano.

Adani alowa. Awiri agwa.
Kenaka magetsi azima. Mdima bii.
Batire linafa kalekale.

"Munasunga?"
Sindinasunge.
Akuusa moyo ngati kholo ndi iyeyo.
"Mawa mukaweruka tiyambirenso.
Koma mausi ndigwira ine."