Kaloko ka Pakona

Ku Mbare, kuseri kwa malo okwerera basi,
ndili ndi kathebulo, mawaya ndi babu limodzi.
Ndimakonza makompyuta a anthu
monga bambo ankakonzera mawotchi ku Highfield
atachoka ku Ntcheu ndi sutikesi yachitsulo.

Lolemba kunabwera a Lefani Kachingwe,
kompyuta yawo ili m'thumba la feteleza,
yakale, yotsokomola ikamayaka.
Pambuyo pawo Ruvarashe wa ku Avondale,
laputopu yake ikununkhirabe sitolo.
Funso lawo linali limodzi:
kaloko kaja ka pakona ya galasi
kamatsekadi?

Makina awiriwo ndinawaika moyandikana,
nkhalamba ndi khanda.
Ndinadzisandutsa mlendo, n'kugogoda mwaulemu:
"Tiyeni titsekere kiyi wakale uja,
wamng'ono uja, wosavuta."
Onse anavomera
ngati ana oleredwa bwino.

Kiyiyo anasulidwa kalekale
ndi anthu osafuna kuti alimbe kwambiri.
Anamuiwala m'thumba la jekete,
jekete n'kusiyira mwana, mwana n'kusiyira mdzukulu.
Chiswe sichifunsa kuti nsanamira inazikidwa liti.

A Lefani amatumiza madola makumi atatu
kwa mlongo wawo ku Balaka mwezi ukatha.
Nambala yawo yachinsinsi
ndi chaka chimene anaika mwana wawo woyamba.
Ndiwauze bwanji kuti pakati pa kuno ndi Balaka
munthu angakhale pamlatho,
n'kumatula kalata, kuiwerenga,
n'kuimatanso ndi malovu?

Ruvarashe anaseka: "Yangayi ndi ya chaka chino."
Ndinati, chemwali, nsapato yatsopano
imapondanso minga yomwe ija.

Chigamba chinafika usiku,
magetsi atabwera cha m'ma leveni.
Ya Ruvarashe inameza msanga n'kugona.
Ya a Lefani inalavula.
Opanga ake anaitaya kalekale
ngati dzina losowa pa mndandanda wa penshoni.

M'mawa ndinawauza zoona.
Anakayang'ana kaloko kaja nthawi yaitali,
kenaka anabweza makina m'thumba la feteleza,
namanga kukamwa ndi luzi.
"Ndidzipitira ndekha pa basi,
ndalama ndizisokera m'kabudula ngati kale."
Sanafunse mtengo wa ntchito,
inenso sindinautchule.

Ndinatsala ndi babu langa
ndi fungo la mtovu wosungunuka.
Ndinatulutsa foni m'thumba
kuti ndione ngati lendi yalowa kwa eni nyumba.
Pakona pake kaloko kali phee,
kakundiyang'ana ngati sikadziwa kanthu.