Mphambano ya pakhonde

Kuno ku Mzuzu sitima siifika.
Ana a ku Chiputula amaiona m'buku la kusukulu basi.
Koma bambo anga, chibwerereni kudzakhala nane,
amamanga siteshoni pakhonde m'mawa uliwonse
chifunga chisanachoke m'mitengo ya paini.

Masipoko anakapempha kwa wokonza njinga za kabaza.
Machesi ndi anga. Ndimangopeza atha.

Amayamba ndi mzere umodzi,
kuchokera patsache kukafika pachitseko.
Nkaya yoyamba ndi iyi, amatero,
ndisanamere ndevu.
Uku Limbe, uku Salima.
Zikakumana ziwiri, ina ipatuke, idikire inzake,
ngati akazi awiri osenza mitolo pamlatho wa mtengo umodzi.

Kenaka amatenga sipoko ina, naipinda pabondo,
kuilozetsa kotulukira dzuwa.
Iyi inabwera chaka chomwe ndinatomera amako.
Njanji inaphuka nthambi,
kukaoloka Shire, kukasuzumira ku Nayuchi,
ndipo ine anandipatsa chitsulo cha mapoyinti,
cholemera kuposa thumba la simenti.
Woyendetsa ankakhala pamwamba ndi chipewa chake,
koma kopita sitima
linkanena ndi dzanja ili.

Amalitambasula. Likunjenjemera.
Dzulo linalephera kumanga batani la malaya.

Pofika zaka za nkhondo ya kutsidya
amavundikira nthambi ija ndi mpango wa m'thumba.
Apa panamera nsonthe, amatero,
mbuzi zinkagona pamasilipa.
Ine girizi ndinkapakabe Lolemba lililonse.
Bwana Kamphulusa ankaseka:
ukudzoza mafuta mtembo?
Tsiku lomwe inadzadutsanso, chitsulo sichinalire n'komwe.

Apa amachotsa mpango uja msangamsanga
ngati wamatsenga wa pamsika,
ndipo Chawanangwa, mwana wa aneba,
amaomba m'manja ngakhale waona kale kakhumi.

Chovuta ndi chomaliza.
Njanji ya malasha, yochokera kolowera dzuwa,
inadza iwo atapuma kale ntchito.
Anapitako kamodzi, pa minibasi, atavala jekete la kutchalitchi.
Anapeza mizere yambiri yogonerana,
miyala yatsopano yoyera mbee,
mabogi osatha kuwerenga,
ndi mnyamata wa wayilesi m'manja
amene anawafunsa ngati asochera.
Pomwe panali chitsulo chawo sanapapeze.
Anayeza ndi mapazi kuchokera pamtengo wa bwemba,
koma bwembayo nayenso kunalibe.

Ndiye pakhonde masipoko otsalawo amangowagwira.
Amayesa apa, amachotsa.
Amayesa apo.
Amandiitana ndi dzina la mayi anga
kundifunsa ngati ya folo koloko yadutsa.
Ndimati yadutsa, bambo.
Kumsewu malole a matabwa ochokera ku Chikangawa
amabuula pokwera chitunda,
iwo n'kutchera khutu, n'kupukusa mutu:
imeneyo si injini, ndi chifuwa.

Lero kunali mvula yowaza, ija yosanyowetsa msanga.
Chawanangwa anakankha bokosi la machesi
kuchokera ku Limbe, kudutsa Nkaya, mpaka pachitseko,
njanji n'kumuthera.
Anayang'ana agogo, anayang'ana bokosi.
Kenaka anasolola sipoko m'manja mwawo
naiyala kupitirira chitseko,
ina pamwamba pa sitepe,
ina m'matope, kuloza kumsika wa Zigwagwa.

Kulibe njanji kumeneko, anatero bambo.
Mapiri ake awo? Ingabwerere chambuyo.

Mwanayo sanamve, kapena anamva.
Anapitiriza kulira ngati sitima, masaya ali tuu.

Bambo anakhala chete nthawi yaitali.
Kenaka anagwada, maondo akulira,
nawongola sipoko ya pasitepe ija ndi chala chachikulu,
kuti pokumana zitsulo pasakhale mpata.
Ukasiya chonchi igwa, anatero.
Bweretsa machesi, tiike masilipa.

Ine ndinali nditachedwa kale kuchipatala,
yunifolomu ili m'pepala la pulasitiki kuopa mvula.
Ndinaima pakhomo panga pomwe,
ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko,
monga anandiphunzitsira ndili ndi zaka zisanu,
ndipo ndinaoloka.