Malo Atha

Tinaigula Lachinayi pamsika wa kaunjika kuno ku El Alto,
kuseri kwa ogulitsa matayala ndi zitseko za minibasi,
kompyuta yotopa, yochokera mu ofesi ya loya wina,
pambali pake pali chipsera cha ndudu.
Anthu asanu, matumba obooka asanu.
Efraín anasonkha ya lendi.
Wara anagulitsa jekete la mlongo wake osamuuza.
Ine ndinaponyapo zimene ndinapeza pojambula ukwati
umene sunathe ndi chaka chomwe.

Tinaikamo madisiki anayi,
awiri atsopano, awiri ongowapempherera.
Delfina anamata pepala pamwamba:
USAFUFUTE CHIMENE SUNAJAMBULE.
Nkhokwe yathu ndi imeneyo,
pansi pa tebulo, pamwamba pa shopu ya mayi Eulogia,
imabuula usiku wonse
ngati munthu wogona ndi ngongole.
Mwezi wa Juni timaotha mpweya wake.

Pulogalamu yodulira kanema ndi yaulere.
Anaipanga anthu amene sitidzawaona,
ndipo imakomoka pamene yafunira,
makamaka ukaiwala kusunga.
Timaitukwana m'Chiaymara, n'kuidzutsanso.
Ya olemera imafuna madola mwezi ndi mwezi.
Yathuyi imangofuna mtima wautali.

Usiku wathawu, itadutsa 2 koloko,
matalala akuswekera pamalata,
Wara ali pambali panga, bulangeti mpaka m'makutu.
Kanema wake wa amayi omanga nyumba,
aja okwera makwerero ndi ndowa za simenti,
atumizidwe kusanache, apo ayi adikire chaka chamawa.
Kamzere kobiriwira kanayenda, kanayenda,
kufika pa 91
n'kuima njii.

Malo atha.

Tinatsegula mafoda mwamanyazi
ngati opisa m'thumba la mnzawo ali mtulo.
Ya Efraín: maola khumi ndi anayi a bambo ake
akutsokomola fumbi la mumgodi, akuseka, akusenda mbatata.
Tinawaika m'manda mu Epulo. Apa sitikhudza.
Ya Delfina: mwini lamulo.
Ya Rosendo: munthu ali ku Oruro, foni yozima.
Yatsala yanga.

Zaka zitatu ndinalondola mnyamata wopolisha nsapato,
wobisa nkhope m'chipewa chaubweya
kuti anzake akusukulu asamuzindikire.
Tsiku lina sanabwere pakona paja.
Mawa lake sanabwere. Ndinafunsa mpaka kutopetsa anthu.
Kanema wopanda mathero
wakhala m'nkhokwemu ngati mlendo wosatsanzika,
akudya malo a ana a pakhomo.

Wara anati usatero.
Ananena kamodzi kokha, chapansipansi,
maso ali pa wotchi.
Sindikumuimba mlandu.

Ndinapatula mphindi zinayi:
pamene anavula chipewa chija kuti amwe api wotentha,
nthunzi n'kumuphimba m'malo mwa ubweya,
kenako n'kumwazika,
ndipo ndinaona kuti ali ndi mpata m'mano
ndi khutu limodzi lopindika.
Zimenezo ndinasungira pa kafulashi ka pamakiyi anga.
Zotsalazo kompyuta inandifunsa kawiri
ngati ndatsimikiza.
Mumzinda uno palibe anandifunsapo kanthu kawiri.

Kamzere kanadzuka. 92. 93.
Sitinayankhulane.
Nkhokwe inapitiriza kubuula kwake
ngati sinameze munthu.

Tsopano kwayera.
Tingolo tamlengalenga tayamba kutsikira ku La Paz,
todzaza ndi anthu opita kukapukuta, kukamanga, kukagulitsa.
Wara wagona chokhala, kukamwa yasa,
amayi ake a simenti awoloka nyanja popanda chiphaso.
Pansipa mayi Eulogia akukweza chitseko chachitsulo,
posachedwa agogoda ndi tsache kudenga
kukumbutsa za bilu ya magetsi.

Makiyi ali m'thumba, akundilasa pantchafu.
Ndatenga cholembera.
Pansi pa lamulo la Delfina
ndalemba mtengo wa disiki yachisanu,
ndaugawa pasanu,
pambali pa dzina la Rosendo ndaikapo funso.