Kabuku ka Msungichuma

Magetsi azima kuno ku Kawale.
Ndayatsa kandulo, ndatsegula kabuku kakuda
kamene ndayenda nako miyezi isanu m'thumba la jekete.
Mawa mbandakucha tikwera basi ku depoti,
anthu khumi ndi anayi, ulendo wa ku Ulongwe,
kuseri kwa chipata cha Dedza,
kukakhoma denga la tchalitchi ndi kulalika Mawu.
Koma ndisanagone, ndiwerenge kaye mayina.

Mai Nasibeko, tsamba loyamba.
Mandasi makumi asanu Lamlungu lililonse,
ufa wanu, mafuta anu, makala anu.
Titafunsa kuti tikubwezereni zingati
munangoti, "Kodi mwana amalipira bere?"

A Kamchacha a kabaza pa Mchesi,
munandipeza pa mlatho ndikudikira minibasi
n'kundifumbatitsa ndalama zonyowa ndi thukuta,
zopindapinda ngati kalata ya chibwenzi.
Injini simunazimitse n'komwe.
Ndinafuula zikomo koma mphepo inamulanda,
ndiye ndikumubwereza pano.

Inu anzanga a kwaya,
tinatsuka magalimoto pa Biwi mwezi wa Juni,
madzi akuluma zala ngati linthumbu.
Chidebe cha Mwaiwawo chinasweka,
bwana wina anakana kulipira, ati tamukandira galasi.
Tsiku lija sitinaseke.
Lero ndiye ndikuseka ndekha, kandulo akugwedezeka.

Tsamba lachinayi lasunga manyazi anga.
Fatsileni, iwe wogwira ntchito m'nyumba za eni,
unabweretsa makwacha mazana asanu ndi limodzi
atamangidwa pa ngodya ya chitenje.
Ndinalemba, inde, koma mumtima ndinati,
izi zigula chiyani, misomali ingati?
Patapita sabata ndinamva kwa mlongo wako
kuti unayenda wapansi kuchokera ku Chinsapo,
kupita ndi kubwera,
kuti ya minibasi ilowe m'mbale.
Pansi pa dzina lako ndalemba ndi inki yofiira:
undikhululukire.

Che Jawadu a kaunjika ku msika wa Tsoka,
inu simupemphera nafe,
Lachisanu masana mumafunditsa benchi n'kupita ku mzikiti.
Koma munasankha majuzi khumi ndi anayi, opanda chibowo,
n'kuti, "Kumapiri kuja kumazizira,
musakachititse manyazi Lilongwe ndi kunjenjemera."
Langa ndi lobiriwira. Manja ake ndi aatali.
Ndikalivala.

Sabata yatha zinaperewera zikwi makumi asanu ndi atatu.
Abusa anati tigwade.
Ndinagwada, koma diso limodzi linali pa kabuku,
kuwonkhetsa, kuchotsera, kuganiza yemwe tingamusiye.
Lachitatu usiku foni inalira:
ndalama zalowa, ndendende,
kuchokera ku nambala yomwe sindiidziwa.
Ndinaimba, osayankha.
Ndinaimbanso m'mawa, akuti sikupezeka.
Mzere wanu ndausiya wopanda dzina,
ndipo ndi umene ndimauyang'ana nthawi yaitali.

Alipo ena amene kabuku sikawadziwa:
amene anatibwereka mipando, amene anakolopa holo,
mwana amene anaponya ndalama yake ya kamba,
ndi inu amene munati, "Ndilibe kanthu, koma ndizikutchulani,"
n'kumatitchuladi, mmodzimmodzi, pa pemphero la m'mawa.

Sindikulonjeza kuti tikatembenuza dziko.
Mwina tikakhoma malata mokhota,
mwina Chipwitikizi chikatimanga lilime,
mwina eni ake ndi amene akatiphunzitse kupemphera.
Koma tikakaima pa chipata, akafunsa kuti tilipo angati,
ndikayankha khumi ndi anayi chifukwa ndiwo mapepala,
pomwe mumtima ndikudziwa kuti basi yadzaza,
ena pa injini, ena m'mawindo,
Fatsileni pa mpando wakutsogolo.

Kandulo watsala pang'ono kutha.
Ndawonkhetsa katatu, ndalama zakwana mpaka tambala.
Zikomo yekha ndiye sakukwana.
Ndamuwonkhetsa, ndamubwereza,
akupereweraperewerabe.
Ambuye amene amaona m'tseri akamalize ngongoleyi,
ine ndatseka kabuku.