Makiyi a Malume Evaristo

Ku Cienfuegos, kuseri kwa msika wa nsomba,
malume Evaristo anandiponyera makiyi
omangidwa ndi chingwe cha nsapato.
Anati, "Yaneisy, usathokoze msanga,
iyambe yakuliza kaye."

Chevrolet yobiriwira ngati peyala losapsa,
ya chaka cha 1953.
Inatsika m'sitima amayi asanabadwe.
Anaigula dokotala wa mano,
yemwe usiku wina anawoloka nyanja ndi sutikesi imodzi
n'kuisiya pakhomo, injini ikadali yofunda.
Kenaka doko linatseka pakamwa,
sipeya osabweranso, ngakhale kabawuti.

"Tsegula bonete uone dziko lapansi," anatero.
"Injini iyi inkakankha bwato la asodzi.
Magiya ndi a Volga ya ku Russia,
amalowa mokakamiza ngati mlendo wosamva chinenero.
Chogwirira chitseko chinali supuni ya azakhali ako,
mpaka lero sanandikhululukire.

Penti isakunamize, mwana iwe,
chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.
Gwada, suzumira kunsi.
Mphepo ya mchere imayambira komweko kudya,
mwakachetechete, ngati ngongole.
Oilo umuyeze m'mawa, pamalo osapendekeka,
umutikite ndi zala:
ukamva timchenga, usapite kulikonse.
Wailesi izikhala chete mpaka utatuluka m'tauni,
galimoto imadandaula kaye isanafe.
Mabuleki uziwapopa kawiri pa mtsetse wa ku Trinidad.
Munthu womenyetsa chitseko usamubwereke,
ngakhale atakhala wansembe.
Ndipo bawuti satayidwa. Chitini chake ndi icho."

Manja awo tsopano amanjenjemera,
maso achita nkhungu.
Anakhala kumpando wa okwera, koyamba m'zaka makumi anayi,
chipewa pamaondo ngati ali m'tchalitchi.

Tinadutsa nyumba za mizati, hutala ikulira ngati mbuzi,
alendo atatitosa ndi makamera.
Pafupi ndi gombe injini inatsokomola kawiri,
kenaka zii.

Ndinawayang'ana. Iwo maso tsinzi,
kachiwuno tambasu, ngati agona.
Woyendetsa ngolo ya hatchi anatilambalala akuseka.

Ndinatsika. Chitsulo chinandiwotcha chala.
Ndinanunkhiza, ndinagwedeza paipi iliyonse,
thukuta likudonthera pa batire,
mpaka ndinapeza kanati ka paipi ya dizilo
kali gwedegwede, koma kowala,
kopanda ndi dzimbiri lomwe.
Ndinakamanga, ndinapopa mpweya kutuluka,
ndinapotoza kiyi.
Chilombo chinadzuka, utsi tolo!

Malume anatsegula diso limodzi.
"Mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri," anatero.
"Ine zinanditengera tsiku lathunthu."
M'thumba la malaya awo
kasipanala kanasuzumira,
kakadali ndi mafuta kukamwa.